Pumani: ntchito ya ophunzira yomwe inatuluka m'kalasi n'kukapulumutsa makanda

Chaka chilichonse, m'mayunivesite ndi m'sukulu zaumisiri, ophunzira amene akumaliza maphunziro amapatsidwa ntchito yotsiriza. Kuno ku Moçambique ena amaitcha monografia, ena projecto. Wophunzira amasankha vuto, amalifufuza, ndipo ngati akuphunzira uinjiniya kapena luso lokonza zinthu, amapanga chipangizo choti chithetse vutolo. Akayankha mafunso a aphunzitsi n'kukhoza, ntchito zambiri zotere zimaikidwa pa shelefu mpaka fumbi kuzikwirira.

Zilipo zina zomwe zimapitirira pamenepo. Imodzi mwa izo ndi makina othandiza makanda kupuma otchedwa Pumani. Makinawa anayamba m'chaka cha 2010 ngati ntchito ya kagulu ka ophunzira a pa yunivesite ya Rice, mumzinda wa Houston ku America, ndipo anakakhwimira m'chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, m'dziko la Malawi. Dzina lake ndi mawu a Chichewa omwe aliyense wa ku Angónia, Tsangano, Macanga kapena Lago angawamve popanda womasulira. Mbiri ya makinawa ikuonetsa zomwe zimafunika kuti nzeru ya wophunzira ifike pothandiza anthu, ndiponso kutalika kwa ulendo umenewo.

Vuto lomwe ophunzira anapatsidwa

Mimba imatenga masabata pafupifupi 40. Mwana akabadwa masabata 37 asanathe, achipatala amati wabadwa masiku asanakwane. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la OMS likuti m'chaka cha 2020 ana pafupifupi 13.4 miliyoni anabadwa motere, kutanthauza mwana mmodzi mwa ana 10 alionse. Mavuto obwera chifukwa chobadwa msanga ndiwo akupha ana ambiri osakwana zaka 5 kuposa china chilichonse.

Dera lino la Africa vutoli ndi lalikulu kwambiri. Lipoti lomwe bungweli linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena m'chaka cha 2012 linaika Malawi patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa ana 100 alionse obadwa masiku asanakwane. Moçambique nayo inali m'gulu la maiko 10 okhudzidwa kwambiri, ndi ana 16 mwa 100.

Chomwe chimavutitsa ambiri mwa makandawa ndi kupuma, chifukwa mapapo amakhwima mochedwa. M'kati mwa mapapo muli timatumba ta mpweya ting'onoting'ono tosawerengeka. Kuti timatumbati tisamamatirire munthu akatulutsa mpweya, thupi limapanga madzi oterera omwe madokotala amawatcha surfactant. Khanda lobadwa msanga limakhala lisanayambe kupanga madziwa mokwanira, choncho likangotulutsa mpweya timatumba tija timafwafwanyika.

Aliyense amene anauzirapo baluni amadziwa kuti povuta ndi poyamba. Ikangofufuma pang'ono, kupitiriza n'kosavuta. Khanda lotereli limakhala ngati likuuzira baluni yatsopano nthawi iliyonse likamakoka mpweya. Limapuma mofulumira, chifuwa chimalowa m'kati, limabuula, ndipo pakapita maola limatopa. Likatopa kwambiri limasiya kupuma.

Momwe CPAP imagwirira ntchito

Njira yothandizira makanda otere inadziwika kalekale. M'chaka cha 1971, Dr. George Gregory ndi anzake ku San Francisco anaonetsa kuti khanda likamalandira mpweya wokankha pang'ono mosalekeza, timatumba ta m'mapapo sititsekeka. Njirayi imatchedwa CPAP. Makina ake sapumira khanda. Limapuma lokha, koma baluni ija siphwa yonse, ndiye ntchito yokoka mpweya imapepuka.

Mtundu wosavuta wa CPAP umagwiritsa ntchito botolo la madzi. Mpweya wosakaniza ndi okosijeni umadutsa m'kapaipi n'kulowa m'mphuno za khanda kudzera pa timachubu tiwiri tofewa. Kapaipi kena, komwe kamatulutsa mpweya wotsala, kamamizidwa m'botolo la madzi. Kuti mpweyawo utuluke umayenera kukankha madzi aja, ndipo kukankhanaku ndiko kumasunga mphamvu ya mpweya m'mapapo. Kapaipi kakamira kwambiri, mphamvu imakula. Namwino akafuna kuisintha amaonjezera kapena kuchepetsa madzi, akuyang'ana mizere ya masentimita yolembedwa pa botolo. Madziwo amachita thovu ngati akuwira, ndipo thovulo limamuuza kuti mpweya ukuyenda bwino. Likasiya, ndiye kuti penapake pakutuluka mpweya.

Ngakhale nzeru yake ndi yosavuta chonchi, makina a CPAP omwe ankagulitsidwa nthawi imeneyo anali okwera mtengo, pafupifupi madola 6,000 amodzi. Ambiri anapangidwira zipatala zomwe zili ndi mapaipi a mpweya m'makoma, magetsi osazimazima ndi amisiri okonza makina. Zipatala zambiri za mu Africa zili ndi chipinda chomwe ogwira ntchito amachitcha manda a makina. Mumadzaza zipangizo zamphatso zochokera kunja zomwe zinaonongeka ndi fumbi, kutentha kapena kusinthasintha kwa magetsi, ndipo zinasowa masipeya kapena munthu wodziwa kuzikonza.

Bokosi la nsapato ndi mapampu a nsomba

Aphunzitsi awiri a uinjiniya wa zaumoyo pa yunivesite ya Rice, Rebecca Richards-Kortum ndi Maria Oden, anali atayendera zipatala za ku Malawi ndi kuona zonsezi. Anakhazikitsa ndondomeko yoti ophunzira awo asamadzipekere mitu ya ntchito zawo. Mavuto azichokera kwa madokotala ndi anamwino amene akugwira ntchito m'zipatala zosowa zipangizo, ndipo ophunzira azipanga zomwe anthuwo apempha. Vuto la CPAP linachokera kwa madokotala a ana a chipatala cha Queen Elizabeth, komwe kunali Pulofesa Elizabeth Molyneux, amene anagwira ntchito pachipatalacho kwa zaka zambiri.

Ophunzirawo anafunika kupeza chinthu chotchipa, cholimba, chokankha mpweya mofatsa usana ndi usiku. Anachipeza m'sitolo yogulitsa nsomba zokongoletsa m'nyumba. Anthu oweta nsomba m'mabokosi agalasi amagwiritsa ntchito timapampu ta magetsi tolowetsa mpweya m'madzi, ndipo timapamputi timapangidwa kuti tizigwira ntchito miyezi ndi miyezi osazimitsidwa. Ophunzira anatenga mapampu awiri otere, anawaika m'bokosi lapulasitiki losungira nsapato, n'kulumikiza botolo wamba lomwera madzi. Awa ndiwo anali makina oyamba.

Kenaka anawayerekeza ndi makina omwe ankagwiritsidwa ntchito pachipatala cha ana cha Texas Children's Hospital mumzinda womwewo wa Houston. Anapeza kuti mphamvu ndi kuchuluka kwa mpweya zinali zofanana. Zipangizo zonse zopangira makina amodzi zinkakwana madola pafupifupi 350. Mbali yomwe imatha msanga m'pampu yotere ndi kalabala kakang'ono kotchipa, komwe mmisiri wa pachipatala angathe kukasintha yekha.

Apa ndi pomwe ntchito zambiri za ophunzira zimathera: chipangizo chagwira ntchito pa tebulo la kusukulu, aphunzitsi akhutira, eni ake alandira madigiri n'kubalalika kukafuna ntchito. Chomwe chinasiyanitsa Pumani n'chakuti mmodzi mwa ophunzirawo, Jocelyn Brown, anapitiriza nayo ntchitoyi atamaliza maphunziro, ndipo anakakhala ku Blantyre kugwira ntchito limodzi ndi anamwino ndi madokotala.

Mayeso enieni anali m'wodi

Kuyambira Januwale mpaka Okutobala 2012, makinawa anayesedwa m'wodi ya makanda ya chipatala cha Queen Elizabeth, m'kafukufuku yemwe Dr. Kondwani Kawaza anali mmodzi mwa otsogolera. Makanda 87 ovutika kupuma analowa m'kafukufukuyu. Mwa iwo, 62 anathandizidwa ndi makina atsopanowa, ndipo 25 analandira okosijeni wa m'mphuno monga zinkachitikira kale.

Zotsatira zake zinasindikizidwa m'chaka cha 2014. Mwa makanda omwe analandira okosijeni yekha, anapulumuka 44 mwa 100 alionse. Mwa omwe anaikidwa pa CPAP, anapulumuka 71 mwa 100. Kusiyana kunali kwakukulu kwambiri pakati pa makanda ochepa thupi zedi ndi omwe mapapo awo anali osakhwima. Kafukufukuyu anali wamng'ono, ndipo khanda linkaikidwa pa CPAP malinga ndi kupezeka kwa makina ndi namwino wophunzitsidwa pa nthawiyo, osati mwa maere monga zimakhalira m'kafukufuku wokhwima. Komabe zotsatirazo zinali zokwanira kukopa Unduna wa Zaumoyo wa dzikolo ndi mabungwe opereka ndalama.

M'wodimo munatuluka maphunziro omwe kusukulu sakanapezeka. Timachubu ta m'mphuno timasuntha khanda likamagwedezeka, ndiye panafunika njira yotigwirira osapweteka khungu lake lofewa. Yankho linali kachipewa kotanuka, mapini ndi timalamba ta labala, zinthu zopezeka paliponse. Anamwino anafunikanso njira yachidule yodziwira khanda loyenera kuikidwa pa makina pamene dokotala palibe ndipo makina ndi ochepa. Madokotala a ku Blantyre anakonza mafunso atatu: kodi thupi la khandalo lili ndi mphamvu kapena ndi lolefuka, kodi likuvutikadi kupuma, ndipo kodi mtima wake ukugunda koposa maulendo 100 pa mphindi. Mafunsowa anasanduka mbali ya maphunziro omwe namwino amalandira asanayambe kugwiritsa ntchito makinawa.

Bokosi la nsapato nalo silikanatha kugulitsidwa kwa boma lililonse. Kampani ya 3rd Stone Design ya ku California inalikonzanso kuti likhale chipangizo chachipatala chokwaniritsa malamulo, chotha kupangidwa chambiri nthawi imodzi. Mtengo unakwera poyerekeza ndi wa makina a ophunzira aja, koma unakhalabe wotsika kwambiri poyerekeza ndi madola 6,000. M'chaka cha 2013, ntchitoyi inapata mphotho ya madola 400,000 kuchokera ku kampani ya mankhwala ya GSK ndi bungwe la Save the Children, yoti ithandize kufalitsa makinawa ku Tanzania, Zambia ndi South Africa. Chaka chomwecho aphunzitsi awiri aja analandira mphotho ya Lemelson-MIT ya madola 100,000, ndipo anaipereka kuti ithandize kukuza wodi ya makanda ya chipatala cha Queen Elizabeth.

Makina okha sakwanira

Makina a Pumani atafika m'zipatala za m'maboma a Malawi, ofufuza anapitiriza kuwerenga makanda opulumuka. Chiwerengero chinakwera, koma osati kwambiri ngati ku Blantyre. Pofufuza chifukwa chake anapeza kuti makanda ambiri ankafika m'wodi atazizidwa, ndipo khanda lozizidwa linkamwalira kawirikawiri ngakhale lili pa CPAP. M'zipatala zina namwino mmodzi ankasamalira makanda ambirimbiri usiku. Kwina anamwino ophunzitsidwa ankasamutsidwira ku mawodi ena, makina n'kutsala ndi anthu omwe ankaopa kuwagwira. Magetsi akazima, pampu ndi makina opanga okosijeni zimaima.

Kafukufuku wina wa pachipatala cha boma la Salima, yemwe anasindikizidwa m'chaka cha 2019, anapereka chenjezo lalikulu. Kumeneko CPAP ya mtundu wina inayesedwa pa ana okulirapo odwala chibayo, pamalo pomwe panalibe dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku. Ana omwe anaikidwa pa makina anamwalira ambiri kuposa omwe analandira okosijeni yekha, 17 mwa 100 poyerekeza ndi 11 mwa 100, ndipo kafukufukuyo anaimitsidwa asanathe. CPAP ndi chithandizo cha kuchipatala chofuna munthu wophunzitsidwa woyang'anira khanda pafupipafupi, kulichotsa mamina ndi kuona kuti mimba yake sikudzaza mpweya. Si chinthu choti munthu ayesere kupanga kunyumba.

Zimenezi zinachititsa gulu la ku Rice ndi anzawo a ku Malawi kusintha kaganizidwe. M'chaka cha 2019 anakhazikitsa mgwirizano wotchedwa NEST360, womwe unayamba kugwira ntchito ku Malawi, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Mgwirizanowu umapereka zipangizo zingapo pamodzi, zothandiza kupuma, zotenthetsa, zochizira chikasu ndi zoyezera, ndipo umaphunzitsa anamwino pamodzi ndi amisiri okonza makina a m'chipatala.

Nkhani ya kuzizidwa ikukumbutsanso kuti si vuto lililonse lofuna makina. Njira ya Mãe Canguru, yomwe zipatala za Moçambique zimaphunzitsa amayi, inayamba m'chaka cha 1978 mumzinda wa Bogotá ku Colombia, pachipatala chomwe chinalibe mabokosi otenthetsera makanda okwanira. Khanda limagonekedwa pachifuwa cha mayi kapena bambo, khungu ndi khungu, n'kumangidwa ndi nsalu. Bungwe la OMS tsopano limalangiza kuti njirayi iziyamba khanda likangobadwa. Wophunzira wanzeru amayamba wafunsa ngati vuto lomwe walisankha likufunikadi chipangizo chatsopano.

Ophunzira a pafupi ndi vuto

Mbiri ya Pumani ili ndi funso lina: n'chifukwa chiyani vuto la ku Blantyre linakathetsedwera ku Houston, pomwe yunivesite yophunzitsa uinjiniya, yomwe inkatchedwa Polytechnic, ili mtunda woyenda wapansi kuchokera pachipatala cha Queen Elizabeth? Ophunzira ake sanali operewera nzeru. Chomwe ophunzira a ku Rice anali nacho ndi nyumba yodzaza zida, momwe munthu angadule, kuotcherera, kulumikiza mawaya, kulephera ndi kuyambiranso, komanso ndalama pang'ono zogulira zipangizo ndi khomo lotseguka lolowera m'chipatala.

M'chaka cha 2016 chipinda chotere chinatsegulidwa pa Polytechnic, yomwe tsopano imatchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences. Ophunzira ndi aphunzitsi a kumeneko akhala akupanga ndi kukonza zipangizo za m'chipatala, monga nyale zochizira chikasu cha makanda, ndipo amasinthana maulendo ndi anzawo a ku Rice. Zipinda zina zotere zinatsegulidwanso m'maiko ena a mgwirizanowu, kuphatikizapo ku Dar es Salaam. Wophunzira wa pafupi ali ndi mwayi womwe wakutali alibe: amayankhula chilankhulo cha odwala, amadziwa zomwe zimapezeka pamsika, ndipo chipangizo chikaonongeka angathe kukachiona tsiku lomwelo.

Kunja kwa chipatala: kuwala, zinyalala ndi madzi

Njira yomweyi yaonekanso pa nkhani za mphamvu ndi zachilengedwe. Pa yunivesite ya Stanford ku California pali phunziro lomwe ophunzira amapanga zinthu zoti anthu osauka kwambiri akwanitse kugula. Sam Goldman anafika pa phunziroli atakhala m'mudzi wina ku Benin, komwe mwana wa mnansi wake anapsa ndi nyale ya parafini. Iye ndi mnzake Ned Tozun anakonza nyale yoyendera dzuwa, ndipo m'chaka cha 2007 anatsegula kampani ya d.light, yomwe lero imagulitsa nyale ndi zipangizo za sola m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia.

Ku England, Lucy Hughes wa pa yunivesite ya Sussex anayamba ntchito yake yomaliza pokayendera malo okonzera nsomba ndi kuona zomwe zimatayidwa. Kuchokera ku mamba ndi zikopa za nsomba, posakaniza ndi zomera zofiira za m'nyanja, anapanga pepala loonekera lofanana ndi pulasitiki, lomwe limaola m'masabata 4 mpaka 6. Analitcha MarinaTex, ndipo m'chaka cha 2019 linamupatsa mphotho yaikulu ya James Dyson Award, mpikisano wa ophunzira a uinjiniya ndi luso lokonza zinthu ochokera m'maiko osiyanasiyana.

Kuno ku Moçambique, Marta Uetela, amene anaphunzira uinjiniya wa makina, anaona mnzake akuvutika kupeza mwendo woikirira atachita ngozi. Anayambitsa kampani ya BioMec, yomwe imapanga miyendo yoikirira pogwiritsa ntchito mapulasitiki otoledwa m'nyanja ndi m'mphepete mwake. Ntchito imodzi ikuyankha mavuto awiri, kusowa kwa zipangizo za anthu olumala ndi kuchuluka kwa zinyalala. Onse atatuwa anayambira pa munthu kapena malo omwe anawaona ndi maso awo.

Dziko lino linaonanso zomwe zimachitika chinthu chikapangidwa osafunsa ochigwiritsa ntchito. PlayPump sinali ntchito ya ophunzira, koma aphunzitsi ambiri amaigwiritsa ntchito ngati chenjezo. Unali mjigo wooneka ngati chozungulira chosewerera ana: ana akamasewera, madzi ankakwera m'thanki. Lingaliroli linasangalatsa opereka ndalama, ndipo m'chaka cha 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola 16.4 miliyoni kuti mijigoyi ifalikire mu Africa. M'midzi ina ya ku Moçambique inaikidwa m'malo mwa mijigo yamanja yomwe inalipo kale. Koma ana sasewera tsiku lonse, ndipo madzi amafunika kwambiri m'bandakucha. Amayi, ena okalamba, ena oyembekezera, ndiwo anayamba kukankha chigudumucho ndi manja. Mjigo ukaonongeka, amisiri a m'mudzi sankatha kuukonza, ndipo madera ena anakhala miyezi opanda madzi. Pofika chaka cha 2010, nkhani ya kulephera kwake inali itafalitsidwa pa wailesi yakanema ku America komweko.

Zomwe zikutanthauza ku Tete ndi Niassa

Zigawo za Tete ndi Niassa zili ndi sukulu zomwe ophunzira ake amalemba ntchito zomaliza chaka ndi chaka. Mumzinda wa Tete muli Instituto Superior Politécnico de Tete, ndiponso nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze. Ku Ulónguè, m'boma la Angónia, kuli nthambi ya zaulimi ya yunivesite yomweyo. Ku Unango, m'boma la Sanga, kuli nthambi ya zaulimi ya Universidade Lúrio. Yunivesite ya Lúrio ili kale ndi ndondomeko yotchedwa Um Estudante, Uma Família, yomwe imalumikiza wophunzira ndi banja la m'dera kuti azilichezera ndi kudziwa mavuto ake. Ndondomeko yotere ndi poyambira pabwino pa ntchito yomaliza, chifukwa mutu umachokera pakhomo la munthu.

Mavuto ofuna nzeru za ophunzira ali ponseponse. Alimi a mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi a ku Angónia ndi Tsangano amagulitsa motchipa nthawi yokolola chifukwa alibe posungira. Anankafumbwe amadya chimanga m'nkhokwe. Asodzi a kapenta ku Cahora Bassa ndi a usipa pa nyanja ya Niassa amataya nsomba mvula ikagwa zili poyanikidwa. Mabanja a m'matauni amaphikira makala, mitengo ikutha. Kutentha kwa m'chigwa cha Zambeze kumaononga mankhwala ndi zipangizo zamagetsi. Namondwe wa Ana, mu Januwale 2022, anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè ndi kuonetsa kufunika kwa nyumba zolimba ndi njira zochenjezera anthu madzi asanafike. Palibe limodzi mwa mavutowa lomwe wophunzira mmodzi angalithetse lonse, koma lililonse lili ndi kachigawo kokwanira ntchito ya chaka chimodzi.

Kuchokera pa mbiri ya Pumani ndi ya PlayPump, pali mafunso asanu omwe mphunzitsi angafunse asanavomereze mutu wa wophunzira.

Loyamba: ndani wapempha chinthuchi? Ngati palibe namwino, mlimi, msodzi kapena komiti ya madzi yomwe yanena kuti ikuchifuna, wophunzira ayambe wapita kukakhala nawo ndi kumvetsera.

Lachiwiri: anthuwo panopa akuchita chiyani pa vutoli, ndipo chatsopanochi chikuposa bwanji njira yawo? Mjigo wamanja unali wabwino kuposa chomwe chinaulowa m'malo.

Lachitatu: chikaonongeka akonza ndani, ndipo sipeya yake ikupezeka pamsika wa Kwachena kapena ku Ulónguè, kapena mpaka aitanitse kunja?

Lachinayi: chidzayesedwa kuti, ndipo adzawerenga chiyani kuti adziwe ngati chathandiza? Pa zipangizo zokhudza odwala, kuyesa kumafuna chilolezo cha Unduna wa Zaumoyo ndi cha komiti yoona za chitetezo cha anthu pa kafukufuku. Wophunzira sangangonyamula chipangizo chake n'kukachiika pa wodwala.

Lachisanu: mwini ntchito akamaliza sukulu, adzaipitiriza ndani? Yunivesite ingathe kupereka ntchito yomweyo kwa gulu la chaka chotsatira kuti liyambire pomwe anzawo anasiyira, m'malo moti chaka chilichonse wina ayambirenso kupanga mbaula kapena choumitsira nsomba chomwe chinapangidwa kale.

Pali maofesi a boma omwe angathandize pa mbali zina za ulendowu. Fundo Nacional de Investigação imapereka ndalama zothandizira kafukufuku ndi luso latsopano, ndipo Instituto da Propriedade Industrial imalembetsa umwini wa zinthu zomwe munthu wazitulukira. Makampani a migodi ya malasha ku Moatize ndi a magetsi ku Songo ali ndi amisiri ndi malo okonzera makina omwe ophunzira angaphunzireko zambiri ngati sukulu zitapangana nawo. Akuluakulu a zipatala, a zaulimi ndi a madzi m'maboma angathandizenso popanda kutulutsa ndalama, pongolemba mndandanda wa mavuto awo enieni ndi kuupereka kwa aphunzitsi chaka cha sukulu chisanayambe.

Ophunzira a ku Houston anapanga bokosi lawo m'chaka chimodzi cha sukulu. Panapita zaka ziwiri kuti liyesedwe m'wodi ku Blantyre, zaka zinayi kuti zotsatira zisindikizidwe, ndi zaka zisanu ndi zinayi kuti pakhale ndondomeko yophunzitsa anamwino ndi amisiri m'maiko angapo. Ntchito ya zaka zonsezo inagwiridwa kwambiri ndi anamwino, madokotala ndi amisiri a m'zipatala, omwe ankaona zolakwika ndi kuzinena. Wophunzira wa ku Tete, Ulónguè kapena Unango amene akusankha mutu chaka chino ali nawo anthu oterowo pafupi, ndipo kuwafikira kumangofuna chilolezo cha oyang'anira, kope ndi cholembera.